Njerwa za ku Blantyre ndi Udzu wa ku Khulubvi

Ndikulankhula kuchokera kuno ku Nsanje. Madzulo ano ndifuna tikambirane za nyumba imodzi yopemphereramo imene ambiri a inu mudaiwonapo, kaya ndi maso, kaya pa chithunzi. Ndikunena tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chili pa mishoni ya Blantyre, pamene anthu ambiri amangoti pa HHI. Tchalitchichi chidatsegulidwa pa 10 Meyi 1891, ndipo kufikira lero chili chiimire, m'manja mwa mpingo wa CCAP.

Kapena wina afunsa kuti, kodi munthu wa kuchigwa, kwawo kwa thonje ndi mapira, zamkhudza bwanji za nyumba ya kumapiri? Zatikhudza ndithu. Katundu yense wa mishoni imeneyo ankadzera pa mtsinje wathu wa Shire, umene ife kuno timati Tchiri. Chilankhulo chimene ankapempherera m'nyumbayo chidali Chimang'anja. Ndiponso kuno kwathu tili ndi nyumba ina yopemphereramo, yakale kuposa ya ku Blantyre, imene ndifuna tiiyerekeze nayo nkhani yathu isanathe.

Koma tiyambe taona chimene chinkabwera m'mutu mwa mzungu wa masiku amenewo akamva mawu oti tchalitchi. Ku Mangalande pafupifupi mudzi uliwonse wakale uli ndi tchalitchi chake cha miyala, ndipo zikwi zingapo za matchalitchi ameneŵa zidamangidwa chaka cha 1500 chisanafike. Kagonedwe kake n'kofanana pafupifupi paliponse. Nyumbayo imatambalala kuchokera kuvuma kunka kuzambwe. Kuvuma, kotulukira dzuŵa, kuli chipinda chaching'ono cha guwa, kumene ankaimirira wansembe. Pakati pali chipinda chachikulu cha anthu. Kuzambwe kuli nsanja ya mabelu. Pafupi ndi khomo pamakhala mwala wogoba wobatiziramo, chifukwa ubatizo ndiwo khomo loloŵera mumpingo, ndipo kunja, mozungulira nyumba yonse, kuli manda a anthu a m'mudzimo.

Amisiri ankamanga ndi zimene adazipeza pafupi. Ku Greensted, m'chigawo cha Essex, kuli tchalitchi chimene zipupa zake ndi mitengo yong'alula pakati, yoimika mondondozana monga timachitira ife pozika nyumba yamitengo, ndipo mitengoyo idadulidwa pakati pa chaka cha 1050 ndi 1100. Ku Escomb, kumpoto, anthu a zaka za m'ma 670 adakagumula linga lakale la Aroma natenga miyala yake kumangira tchalitchi. Ku Lavenham, m'chigawo cha Suffolk, anthu adalemera ndi malonda a nsalu za ubweya wa nkhosa, ndipo chuma chimenecho chidakweza nsanja yotalika mapazi 141, imene idatha cha m'ma 1525. Kukhala ngati alimi a thonje a kwa Ngabu atasonkherana za chaka chabwino namanga nsanja yooneka kuchokera ku Bangula.

Chinthu chachikulu chimene ndifuna muchisunge n'chakuti tchalitchi cha m'mudzi ku Mangalande sichidamangidwe ndi mbadwo umodzi. Munthu wodziŵa akaima pakhomo amaŵerenga zaka pa khoma monga momwe mkulu amaŵerengera zaka za ng'ombe poyang'ana mano. Khomo likakhala lokhota pamwamba ngati uta, khoma lili lochindikala, mazenera ali ang'onoang'ono, ndiye kuti ndi ntchito ya nthaŵi ya Anormani, amene adalanda dzikolo m'chaka cha 1066. Uta uja ukakhala wosongoka pamwamba, ndiye kuti tafika cha m'ma 1200. Mazenera akakula n'kutenga pafupifupi khoma lonse, tili m'zaka za m'ma 1400. Pali malo ena pamene ntchito idaima kwa nthaŵi yaitali chifukwa cha mliri wa 1348 ndi 1349 umene udapha anthu osaŵerengeka, amisiri omwe. Zonsezi mungazipeze m'nyumba imodzi. Ndipo lamulo la mpingo lidagaŵa udindo motere: kukonza chipinda cha guwa idali ntchito ya amene ankalandira chakhumi, koma chipinda chachikulu chidali cha eni mudzi. Denga likadontha pamwamba pa anthu, ankasonkha anthuwo.

Tsopano tibwerere kwathu. Oyamba kubwera kuno ndi chithunzi chimenechi m'mutu adali Angelezi a mishoni ya UMCA, amene adakhala ku Magomero m'chaka cha 1861 natsikira kwa Chibisa, ku Chikwawa, m'chaka cha 1862. Iwo sadakhalitse. Bishopu wawo Charles Mackenzie adamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo anzake ena adagona ku Chikwawa. Nyumba zawo zidali za mitengo ndi udzu, kotero chimene adatisiyira m'chigwa muno ndi manda basi.

Mishoni ya Blantyre ndi ya Askotchi. Idayamba mu Okutobala 1876 m'dziko la mfumu Kapeni, pamalo amene adasankha Henry Henderson motsogozedwa ndi Tom Bokwito, munthu amene adaomboledwa muukapolo akali mwana. Zaka zoyamba zidali zochititsa manyazi. Amishoni adadziika okha kukhala oweruza milandu, nakwapula anthu, mpaka kunyonga moyo wa munthu pomuombera mfuti. Mbiriyo itamveka ku Ulaya, mpingo udachotsa atsogoleri ake, ndipo m'chaka cha 1881 udatumiza mbusa wachinyamata, David Clement Scott, kuti adzayambenso. Munthu ameneyu adaphunzira zaubusa ku Edinburgh. Za kamangidwe ka nyumba sadaphunzirepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo anthu amene adagwira naye ntchito adali asanamangepo nyumba yotere. Komabe m'chaka cha 1888 adayamba kukumba maziko.

Chifukwa ninji adasankha njerwa? Yankho lili kuno kuchigwa. Masiku amenewo katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira ku Quelimane, n'kuyenda pa mabwato ndi pamtunda kufika ku Zambezi, n'kukwera sitima yapamadzi kuloŵa mu Shire, kudutsa pano pamene pambuyo pake padatchedwa Port Herald, kudutsa Chiromo ndi dambo la Njovu, kufikira kwa Katunga. Apo sitima inkalekeza chifukwa cha mathithi. Kuchokera kwa Katunga katundu ankakwera phiri pamitu pa amtengatenga, ulendo wa mamailosi pafupifupi 30, munthu aliyense atasenza mtolo wa makilogalamu 25 kapena kuposerapo pang'ono. Njanji yochokera ku Port Herald idadzafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, tchalitchi chitatha kale zaka 17. Tsono taŵerengani nokha. Njerwa wamba ya m'tchalitchimo ndi yotalika mainchesi 12, mulifupi 6, kuchindikala 3, ndipo njerwa yotere imalemera pafupifupi makilogalamu 6. Mtengatenga mmodzi akadasenza zinayi zokha. Nyumba yaikulu chotere sikadatheka kubwera pa sitima. Idayenera kutuluka m'dothi la pomwepo.

Ndipo idatulukadi m'dothi. Anthu adakumba dothi pamishoni pomwepo, naponda, naumba m'zikombole zamatabwa, nayanika, nawotcha m'mauvuni ankhuni. Apa mpamene pali chodabwitsa choyamba. Ife tikamaumba njerwa timakhala ndi chikombole chimodzi, mwina ziŵiri. Akatswiri amene adaŵerenga mitundu ya njerwa za m'tchalitchi cha Blantyre amati ilipo 81. Zina n'zokhota, zina zosongoka, zina zobulungira m'mphepete, zina zogoba pakati. Zimene mmisiri wa ku Mangalande ankazisema pa mwala ndi nyundo, kuno adaziumba ndi dothi. Choncho mmisiri woyamba pa ntchito imeneyi adali kalipentala wopanga zikombole, pakuti chikombole chikakhota molakwika njerwa chikwi zimatuluka zolakwika.

Chodabwitsa chachiŵiri n'chakuti padalibe pulani yolembedwa ya nyumba yonse. Scott ankati akafuna kumanga chigawo china, ankayamba wasanja njerwa zouma popanda matope, kuyesa ngati zigwirana ndi ngati zikuoneka bwino. Zikakana, ankaphwasula n'kuyesanso. Zikalola, ndiye amisiri ankamanga zenizeni. Ena amamva zimenezi n'kuseka, kuti ndiye kumanga kwa chiyeseyese. Ine ndiona kuti pamenepa mpamene tchalitchi cha Blantyre chifanana kwambiri ndi matchalitchi akale a m'midzi ya ku Ulaya, kuposa pa maonekedwe ake. Amisiri a nthaŵi zimenezo adalibe masamu oŵerengera kulemera kwa denga monga achitira mainjiniya a lero. Adali ndi chingwe, ndodo yoyezera, zikombole ndi maso, ndipo nzeru zawo zinkachokera m'zimene zidaimapo ndi zimene zidagwapo.

Kasanjidwe ka njerwa m'makoma ndi kamene amisiri amati English bond. Mzere umodzi njerwa zimagona m'litali motsata khoma, mzere wotsatira zimapingasa, mitu yokha ndiyo ioneka kunja. Potero khoma lochindikala limalukana ngati mphasa, kunja ndi m'kati kukhala chinthu chimodzi. Pamwamba pa makomo ndi mazenera palibe mtanda wa simenti ndi zitsulo umene timaika masiku ano. Pali uta wa njerwa. Pomanga uta, amisiri amayamba akhoma chikombole chamatabwa chokhota, nasanja njerwa pamwamba pake kuchokera mbali zonse ziŵiri, kufikira njerwa yapakati italoŵa ngati mphero yotsekera. Akachotsa matabwa aja, njerwa iliyonse imafuna kugwa, koma inzake imaitsekereza, ndipo kulemera konse kumathaŵira m'mbali. Vuto la uta ndi lomwelo: umakankha makoma kuti afutukukire kunja. N'chifukwa chake mukazungulira tchalitchichi muona mizati ya njerwa yotsamira makoma kunja. Ambiri amayesa n'zokometsera chabe. Imeneyo ndiyo mapewa a nyumba.

Kukula kwake, nyumbayi ndi yotalika mapazi 106, mulifupi mapazi 30, ndipo kuchokera pansi kufika pamsonga pa denga ndi mapazi 37. Pa miyeso ya lero tinene mamita 32, mamita 9 ndi mamita 11. Kunena zoona si yaikulu kwambiri. Alipo matchalitchi a malata m'matauni mwathu amene angaimeze yonse. Koma munthu akaloŵamo amaiwona ngati yaikulu, chifukwa mizati ndi mauta zimatsogoza maso kunka kutsogolo ndi kumwamba. Ikagonekedwa pansi ili ndi maonekedwe a mtanda wa manja aafupi. Kuvuma khoma limathera mobulungira ngati theka la nkhokwe. Pamene pakumana manja a mtanda pali denga lobulungira ngati mphika wovundikira. Kuzambwe kuli nsanja ziŵiri, ndipo pano ndipempha kuti mudzayang'anitsitse: nsanjazo n'zosiyana. Wolemba pulani pa pepala akadazifananitsa ngati mapasa. Pakona pa imodzi mwa izo padaphatikidwanso kansanja kena kozungulira, kokhala ndi makwerero okhotakhota m'kati, kamene chisoti chake chikumbutsa kamangidwe ka Aluya. Scott adatola zimene adaziona ndi kuziŵerenga, za ku Mangalande, za ku Italy, za kumaiko a kuvuma, naziphatikiza monga mwini wake adafunira. Akatswiri ena a zomangamanga amati ndi nyumba yosokonezeka mtundu. Ine ndingoti yaima zaka zoposa 130.

Tisaganize kuti ntchitoyi inkachitika pa mtendere. Pamene makoma ankakwera ku Blantyre, kuno kumtsinje kunkalira mfuti. M'chaka cha 1889 Mpwitikizi Serpa Pinto adakwera Shire ndi asilikali, ndipo mu Novembala adamenyana ndi Amakololo a mfumu Mlauli, anthu ambiri nafa. Mu Januwale 1890 boma la Britain lidaopseza Apwitikizi kuti abwerere. Amishoni sankadziŵa ngati nyumba imene ankamangayo idzakhala m'dziko la Mngelezi kapena la Mpwitikizi. Kenaka kudadza maliro. Kumayambiriro kwa 1891 matenda a pakhosi adatenga mwana wa Henderson, mayi wake wa mwanayo, ndi dokotala John Bowie amene adayesa kupulumutsa mwanayo poyamwa zotsekereza pakhosi pake. Henderson mwini adamwalira ku Quelimane ali pa ulendo wobwerera kwawo. Onseŵa adali abale a Scott a kuchikamwini, pakuti mkazi wake adali mlongo wa Bowie. Patangopita miyezi yoŵerengeka tchalitchi chidatsegulidwa, ndipo m'mwezi womwewo wa Meyi 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake. Alexander Hetherwick, amene adadzaloŵa m'malo mwa Scott, ankachitcha tchalitchi chokhazikika choyamba pakati pa mtsinje wa Zambezi ndi wa Nile.

Nanga adamangira yani nyumba yokongola chotere? Funso limeneli lidafunsidwa nthaŵi yomweyo, ndipo ena adalifunsa mokwiya. Matchalitchi a Askotchi kwawo adali osakometsera, ndipo padali anthu amene ankadandaula kuti Scott watengera miyambo ya Aanglikani. Padalinso azungu a minda ndi a malonda amene sankakondwa ndi maganizo ake pa za anthu akuda. Scott ankafuna kuti mzungu ndi munthu wakuda apemphere m'nyumba imodzi, nadyere Mgonero pa gome limodzi. Ankakhulupirira kuti Mwafrika ayenera kulandira zabwino zenizeni, osati zotsalira. Munthu yemweyo amene ankasanja njerwa usana ankasanjanso mawu a Chimang'anja usiku, ndipo buku lake lalikulu lomasulira mawu a chilankhulochi lidasindikizidwa m'chaka cha 1892. Pa sukulu ya mishoniyo pankaphunzira ana a mafumu a Amakololo ochokera m'chigwa chino. Adasankhanso anyamata naŵaika kukhala madikoni, ena mwa iwo Joseph Bismarck, Mungo Murray Chisuse, John Gray Kufa ndi Harry Kambwiri Matecheta, amene m'chaka cha 1911 adadzozedwa ubusa pamodzi ndi Stephen Kundecha. Scott adachoka kuno m'chaka cha 1898 atatopa ndi matenda, maliro ndi mikangano, ndipo adamwalira ku Kenya m'chaka cha 1907.

Pali chimodzi chimene chimandiŵaŵa. Mabuku amatchula Scott, ndipo ayeneradi kumtchula. Koma mutu umodzi susenza denga. Amene adaponda dothi, amene adasenza nkhuni ndi madzi, amene adachezera usiku kusonkhezera uvuni, amene adaphunzira kumanga uta nauona ukuima atachotsa matabwa, mabuku ambiri amangoŵatcha anthu a m'dzikomo. Ku Mangalande nakonso zidali chomwecho: dzina la wolemera amene adapereka ndalama lidalembedwa pa khoma, la mmisiri lidapita ndi mphepo. Komatu luso limene anthu athu adaphunzira silidafe. Lidafalikira m'dziko, ndipo nyumba yanjerwa idasanduka chizindikiro chakuti ife tabwera kudzakhala. John Chilembwe adamanga tchalitchi chake chachikulu chanjerwa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, chimene chidatha m'chaka cha 1913. Nkhondo yake ya mu Januwale 1915 italephera, asilikali a boma la atsamunda adachiphulitsa ndi wonga. Ankadziŵa bwino chimene nyumbayo inkanena. John Gray Kufa, dikoni uja wa Scott, adaphedwa ndi boma pa mlandu womwewo.

Aanglikani, eni ake a kamangidwe ka Chingelezi, adadzamanga yawo pa chilumba cha Likoma. Mwala wa maziko udaikidwa mu Januwale 1903 ndipo tchalitchicho, cha St Peter, chidapatulidwa m'chaka cha 1911. Kumeneko kudali katswiri wophunzira, Frank George, ndipo adamanga ndi miyala ya pachilumbapo. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsopano titsike phiri, tibwere ku Khulubvi, kufupi ndi boma la Nsanje. M'nkhalango imeneyo muli kachisi wa Mbona, kumene Amang'anja akhala akupempha mvula kwa zaka mazana anayi kapena kuposerapo. Wansembe wa Chikatolika wochokera ku Holland, Matthew Schoffeleers, amene adakhala zaka zambiri m'chigwa muno, adalemba mbiri yake m'buku lotchedwa River of Blood m'chaka cha 1992, ndipo m'chaka cha 2011 malowa adalembedwa pa mndandanda wa malo amene dziko lathu likufuna kuti bungwe la UNESCO liŵazindikire. Kachisiyo ndi kanyumba kozungulira ka mitengo ndi udzu. Mulibe njerwa ngakhale imodzi. Chiswe chimadya, mvula imaoletsa, ndipo kakagwa mafumu ndi anthu awo amasonkhana kudzamanganso potsata mwambo, aliyense ndi gawo lake. Mitengo ya m'nkhalangomo sadula, ndipo mlendo amaloŵa atavula nsapato.

Sindikunena za chikhulupiriro. Aliyense wa inu ali ndi chake. Ndikunena za kamangidwe. Mlendo wofulumira angati ku Blantyre kuli nyumba yokhalitsa, ku Khulubvi kuli nyumba yosakhalitsa. Koma taonani: udzu umene uli pa kachisi lero ndi wa zaka zoŵerengeka, pamene kachisiyo ndi wamkulu kuposa tchalitchi cha Blantyre ndi zaka mazana. Chimene chakhalitsa ndi pangano la anthu lakuti ikagwa tidzabwera. Ndipo tchalitchi cha m'mudzi ku Mangalande, tikachiyang'ana bwino, chili pafupi ndi Khulubvi kuposa momwe tiganizira. Denga lake lasinthidwa kangapo, miyala yofumbwa yachotsedwa n'kuikapo ina, mbadwo uliwonse wasonkha. Kumene anthu adasamuka m'mudzi, matchalitchi amiyala omwewo adasanduka mabwinja, ndipo alipo ambiri otere m'chigawo cha Norfolk. Nacho cha Blantyre chaona manja ambiri. Limba lidaikidwa m'chaka cha 1907, magetsi adaloŵa m'chaka cha 1912, ndipo m'zaka za m'ma 1970 padachitika ntchito yaikulu yokonzanso, pamene mng'alu umene udaoneka udamangidwa ndi zitsulo zokokera makoma pamodzi.

Nkhani imeneyi kuno kuchigwa si yongocheza. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a mu Malichi 2019, a mu Januwale 2022 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 adatiphunzitsa kuti nyumba zikagwa anthu amathaŵira ku sukulu ndi ku tchalitchi. Choncho komiti imene ikumanga tchalitchi kwa Tengani, ku Makhanga kapena kwa Nyachikadza ikumanganso pothaŵira pa amayi ndi ana, ngakhale isadziŵe. Amisiri akale a ku Ulaya kaŵirikaŵiri ankasankha pokwera pa mudzi, ndipo ife tiyenera kuyamba ndi funso lomwelo tisanafunse za utoto. Dothi lathu la makande limatupa ndi mvula n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo limang'amba khoma limene maziko ake ndi osaya. Khoma lalitali la njerwa imodzi, lopanda mizati yolichirikiza, lomangidwa ndi matope kuyambira pansi, madzi akangoima masiku aŵiri limasungunuka kumapazi n'kugwa lonse. Ndaona makomiti akulimbirana kutalika kwa nsanja pamene maziko sadafike m'bondo. Ndalama zikachepa, zipite pansi ndi pa denga lotuluka kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma. Nsanja idzamangidwa ndi adzukulu, monga zinkachitikira ku Mangalande.

Pali ziŵiri zimene sitingatengere kwa Scott osaganiza. Mauvuni ake adadya nkhuni zambiri pamene mitengo idali yochuluka ndi anthu ochepa. Lero mapiri ayera, ndipo madzi amene amatimiza kuno amachokera kumapiri komweko. M'chaka cha 2018 Boma lidaika malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa ntchito zomanga za Boma ndi za malonda, ndipo mipingo ichita bwino kuganizira njerwa za simenti kapena za dothi lotsindira ndi makina. Chachiŵiri n'cha amene ali ndi matchalitchi akale a mishoni, a njerwa zofeŵa. Musafulumire kuŵamata ndi simenti yolimba poyesa kuti mukuŵateteza. Simenti imatsekera chinyontho m'kati, ndipo njerwa imafumbwa kuseri kwa pulasitala inu osaona. Nyumba zakale zimafuna laimu, amene amalola khoma kupuma. Funsani a nthambi ya Boma yoona za zinthu zakale musanagwire, makamaka pa nyumba imene ili m'gulu la zipilala za dziko monga ilili ya Blantyre.

Ndipemphenso alembi a mipingo, a mizikiti ndi a mafumu. Buku la msonkhano limene mumalembamo zopereka, tsegulani tsamba lina kumapeto. Lembanimo chaka chimene mudakumba maziko, dzina la mmisiri, la kalipentala, maina a amayi amene adatunga madzi, mudzi umene udaumba njerwa, ndi pamene madzi adalekeza pa khoma chaka cha chigumula. Bukulo lisungidwe pamwamba, m'chitini chotseka bwino.

Ndipo inu a kuchigwa, tsiku limene mudzakwere Thabwa kupita ku Blantyre kukagula katundu kapena kukaona wodwala, patulani ola limodzi. Pemphani chilolezo kwa oyang'anira pamishonipo, muime kuzambwe kwa tchalitchi, muyerekeze nsanja ziŵirizo. Kenaka yandikirani khomo, muyambe kuŵerenga mitundu ya njerwa kuchokera pansi kukwera m'mwamba, muone ngati mungafike pa 20 musanaloŵe m'kati.